Mayeso a Makompyuta Ali Pansi pa Nyanja Yathu



Lachisanu lina titatuluka mu mzikiti kuno ku Chintheche, bambo wina wachikulire anatikodola kuti tikhale nawo pansi pa mtengo wa mango. Bambowa nyumba yawo inalowa madzi m'chaka cha 2024 pamene nyanja inasefukira, ndipo malo amene ankaimikapo mathandala a usipa anasanduka poyandama mabwato. Tsopano aumba njerwa, aotcha, akufuna kumanganso. Vuto ndi lakuti ana awo awiri amene ali ku Joni akuwauza zosiyana. Wina akuti makompyuta a azungu anena kuti nyanja idzaphwa, choncho amange pomwepo pakale. Winayo akuti makompyuta omwewo anena kuti madzi adzakwera kuposa apa, choncho athawire kumtunda. Bambowo anatiyang'ana nati, "Amwalimu, inu munapita ku koleji. Kodi zimenezi si ula wa azungu? Nanga Msilamu n'kumangira nyumba pa mawu a ula?"

Tsiku limenelo tinayankha mwachidule chifukwa ana anali kutidikira ku madrasa. Lero tiyankhe mofatsa, poti funso limeneli si la bambowa okha.

Zobisika za mawa mwini wake ndi Allah yekha, ndipo Msilamu sapita kwa woombeza. Apa palibe mtsutso. Koma pakhoma la mzikiti wathu papachikidwa pepala la nthawi za Swala za chaka chathunthu, ndipo palibe amene amalitcha ula. Amene analilemba anangowerengera kayendedwe ka dzuwa, kamene kali ndi dongosolo lake. Msodzi wa ku Kande akaona mmene mitambo yakhalira n'kunena kuti lero mwera uwomba, tisapalase, sanaombeze. Waona zizindikiro zimene anaziona kambirimbiri. Nthawi zina amalakwitsa, ndipo tonse timadziwa asodzi amene mawu awo timawamvera ndi ena amene timangowaseka. Makompyuta a zanyengo ali m'gulu limeneli la kuwerengera. Choncho funso loyenera kufunsa ndi lomwe timafunsa za msodzi uja: kodi ameneyu anayesedwapo, ndipo anakhoza?

Tiyambe ndi mmene chinthuchi chimagwirira ntchito. Akatswiri amamanga dziko lachifaniziro m'kati mwa kompyuta. Pa Chingerezi amati model, koma ife tizingoti dziko la m'kompyuta. Amatenga dziko lonse, mlengalenga ndi nyanja zomwe, n'kuliphimba ndi ukonde wa m'maganizo. M'diso lililonse la ukondewo amalembamo kutentha, mphepo, chinyezi ndi kulemera kwa mpweya. Kenaka amaipatsa kompyuta malamulo amene aliyense wa ife amawaona pa mafuwa: mpweya wotentha umakwera, madzi akatenthedwa amauluka ngati nthunzi, nthunzi ikazizira imabwerera kukhala madzi. Kompyuta imawerengera zimene zichitike m'diso lililonse pakapita mphindi zingapo, n'kupatsira diso loyandikana nalo, n'kuyambiranso, mpaka zaka mazanamazana zitatha m'kati mwa makinawo.

Ganizo limeneli ndi lakale kuposa makompyuta. Mngelezi wina, Lewis Fry Richardson, anayesa kuwerengera ndi pensulo nyengo ya maola 6 okha. Zinamutengera pafupifupi milungu 6, ndipo yankho linatuluka lolakwika kotheratu. M'buku lake la mu 1922 anayerekeza kuti pangafunike anthu 64,000 owerengera limodzi kuti athamangitsane ndi nyengo ya dziko lonse. Makina atabwera, Syukuro Manabe wa ku Japan ndi mnzake Richard Wetherald anawerengera mu 1967 kuti mpweya wa carbon dioxide, umene umatuluka tikaotcha mafuta, malasha ndi nkhuni, ukachuluka kawiri dziko lingatenthe ndi madigiri oposa pang'ono 2. Manabe analandira mphoto ya Nobel mu 2021 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Tsono ife a ku nyanja tikudziwa kuti ukonde wa maso akuluakulu sugwira usipa. Maso a ukonde wa m'kompyuta nthawi zambiri amakhala a makilomita 100 mbali iliyonse, ena kuposa apo. Ndiye kuti kuchokera pa Kande kukafika ku Usisya kukhoza kulowa m'diso limodzi. Nyanja yathu, pamene yatambasuka kwambiri, ndi makilomita pafupifupi 75 basi. Mapiri a Kandoli ndi a Viphya, amene amakweza mphepo yochokera pa nyanja n'kutigwetsera mvula yochuluka imene anzathu a ku Mzimba saiona, m'kompyutamo amasalazidwa kukhala kachitunda. Mtambo umodzi ndiye umangodutsa osagwidwa, moti akatswiri amachita kuulowetsa mongoyerekeza. Mfundo ya mitamboyi muisunge, tibwereranso.

Nanga chinthu chotere angachiyese bwanji? Ku madrasa mwana akatiuza kuti waloweza, sitimulembera kuti wakhoza chifukwa chakuti wanena molimba mtima. Timatsegula buku, iye n'kumanena ife tikutsatira ndi chala pamene yankho tili nalo kale. Akatswiri a Hadith nawonso sankangovomereza munthu chifukwa cha nkhope yake. Ankatenga zimene wasimba n'kuziyerekeza ndi za anthu odziwika kale kuti ndi okhulupirika. Makompyuta a zanyengo amayesedwa chimodzimodzi, koma pali chovuta. Zolembedwa za kutentha kwa dziko lonse zinayamba cha m'ma 1850, ndipo amene amamanga makinawo zolembedwa zimenezi amazidziwa kale. Kuyesa kompyuta pa zaka zimenezi zokha kuli ngati kuyesa mwana amene anasuzumira kale pepala la mayeso. Ndiponso tikupita ku dziko lotentha kuposa lililonse limene agogo athu analiona. Pakufunika funso lakutali, la nthawi imene dziko linali lotenthadi. N'chifukwa chake kuyambira mu 1991 magulu a akatswiri a m'maiko osiyanasiyana anapangana kuti makompyuta awo onse azipatsidwa mafunso ofanana a nyengo zamakedzana, kenaka mayankho aziikidwa pambali pa umboni wa m'miyala, m'matope ndi m'madzi oundana.

Funso loyamba ndi la nthawi yotchedwa Pliocene, zaka pafupifupi 3 miliyoni zapitazo. Nthawi imeneyo carbon dioxide anali pafupifupi magawo 400 pa miliyoni iliyonse ya mpweya. Mafakitale asanayambe anali 280, ndipo m'chaka cha 2024 anali atapitirira 420. Choncho Pliocene ndi mbale wake wa masiku athu ano. Umboni ukuonetsa kuti dziko linali lotentha ndi madigiri 2.5 mpaka 4 kuposa zaka za m'ma 1800, ndipo nyanja zamchere zinali pamwamba ndi mamita 5 mpaka 25. Mu 2020 anafalitsa zotsatira za makompyuta 16 amene anapatsidwa funso limeneli. Lina linayankha madigiri 1.7, lina 5.2, ndipo pakatikati pa onse panali 3.2. Kalasi lonse pamodzi linakhoza, ngakhale ana ena anasochera. Wina afunsa kuti nanga bwanji ife lero sitinatenthe choncho pamene mpweyawo tafanana nawo? Mphika waukulu wa pa sadaka suwira nthawi yomwe mwasonkhezera moto. Nyanja zikuluzikulu ndi madzi oundana a ku Greenland ndi Antarctica zimatenga zaka mazana, mwinanso zikwi, kuti zimve moto umene wayatsidwa kale.

Funso lachiwiri ndi lovuta kwambiri, ndipo ife ndi limene limatisangalatsa. Ndi la nthawi ya Eocene, zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, nyanja yathu ino kulibe. Dziko linali lotentha ndi madigiri 10 mpaka 18 kuposa zaka za m'ma 1800. Pa chilumba cha Ellesmere kumpoto kwenikweni kwa Canada, kumene lero n'kozizira koti munthu sangalimeko kalikonse, anafukula mafupa a nyama za mtundu wa ng'ona ndi akamba. M'matope a m'mphepete mwa Antarctica anapeza mungu wa mitengo ya kanjedza ndi wa mitengo ya m'banja limodzi ndi mlambe. Tangoganizani, abale a mlambe kumene lero kuli madzi oundana okhaokha! Kwa zaka zambiri makompyuta ankalephera funso limeneli. Akati atenthetse kumalekezero a dziko mokwanira kuti ng'ona zikhaleko, pakati pa dziko pankapsa mopitirira. Akati pakati pakhale bwino, kumalekezero kunkazizira.

Chitsanzo chimodzi tichifotokoze bwino. Ku Boulder m'dziko la America kuli likulu lina lalikulu la kafukufuku wa zanyengo, ndipo dziko lawo la m'kompyuta lotchedwa CESM2 linanena kuti carbon dioxide akachuluka kawiri dziko lidzatentha ndi madigiri 5.3. Imeneyi inali nambala yoopsa, yoposa imene ambiri ankayembekezera. Mu 2020 Jiang Zhu ndi anzake analipatsa funso la Eocene. Linayankha kuti pamtunda m'madera otentha kutentha kunapitirira madigiri 55. Pa kutentha kotero masamba a mitengo sangapange chakudya, koma miyala ya nthawi imeneyo ili ndi umboni wakuti m'madera amenewo munali nkhalango zowirira. Kompyuta inagwidwa. Atafufuza anapeza kuti vuto linali pa mitambo ija tinanena, anakonza, ndipo nambala inatsikira pafupi ndi madigiri 4. Ife pamene tinawerenga zimenezi mtima wathu unakhazikika pang'ono, osati chifukwa nambala inatsika, koma chifukwa woombeza sabwera poyera kudzanena kuti ula wanga wanama ndipo umboni wake ndi uwu. Lipoti la bungwe la IPCC la mu 2021 linagwiritsa ntchito umboni wa nyengo zamakedzana pamodzi ndi wina, n'kunena kuti nambala yodalirika ndi madigiri 3, ndipo mwachionekere ili pakati pa 2.5 ndi 4.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa limodzi mwa mabuku a mayankho amene dziko lonse limawerenga lili pansi pa madzi amene timachapiramo. Nyanja yathu ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo pakuya kwambiri ndi kumpoto kwa Nkhata Bay, mbali ya Usisya. Kupitirira mamita 200 kapena 250 kutsika pansi, m'madzimo mulibe mpweya wopuma. Kulibe nsomba kapena nyongolotsi zofukula matope, choncho chilichonse chomira chimagona pamene chagwera. Nthawi ya mwera, ndere zosaoneka ndi maso zimachuluka, zikafa zimasiya mzere woyera. Nthawi ya dzinja mitsinje ngati Luweya imabweretsa dothi, n'kusiya mzere wakuda. Chaka ndi chaka tsamba limasanjikika pa linzake.

M'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi mu 2005, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Christopher Scholz wa ku yunivesite ya Syracuse, pamodzi ndi Thomas Johnson, Andrew Cohen ndi ena, linakweza makina obowolera pa chombo cha Viphya. Anaima pakati pa nyanja moyang'anizana ndi gombe la Usisya, pa madzi akuya mamita 592. Pamenepo nangula sakanafika, moti chombocho chinkaimitsidwa pamalo amodzi ndi mainjini okankha uku ndi uku. Anabowola mamita pafupifupi 380 kulowa m'matope, natulutsa mbiri ya zaka 1.3 miliyoni. Anabowolanso kumpoto kwa nyanja pa madzi akuya mamita 359. Matope athuwo anapita nawo kukasungidwa ku yunivesite ya Minnesota. Kunena zoona, zimatiwawa pang'ono kuti mwana wa sukulu wa ku Mpamba sangakwere minibasi kukaona ngakhale kachidutswa kake.

M'matopemo amawerenga mungu wa zomera, makala a moto wa m'tchire, timafupa ta nsomba, tizigoba ndi mafuta a tizilombo tating'onoting'ono amene kapangidwe kake kamasintha malinga ndi kutentha kwa madzi. Zaka amaziwerengera m'njira zingapo, ndipo imodzi ndi yodabwitsa. Mu 2013 Christine Lane wa ku Oxford anapeza timagalasi ta phulusa pa mamita pafupifupi 28 pansi pa matope. Linali phulusa la phiri la Toba ku Sumatra m'dziko la Indonesia, limene linaphulika zaka pafupifupi 75,000 zapitazo. Linauluka makilomita oposa 7,000 kudzagwera m'nyanja yathu, ndipo lero likugwira ntchito ngati chidindo cha deti pa kalata.

Zimene matopewo ananena n'zochititsa nthumanzi. Mu 2007 akatswiri aja analengeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zazikulu moti madzi a m'nyanja anachepa ndi magawo 95 pa 100 alionse. Panatsala thamanda lamchere lakuya mamita pafupifupi 125, lozunguliridwa ndi dziko louma la zitsamba. Ndiye kuti pano pa Chintheche panalibe gombe. Likoma ndi Chizumulu anali mapiri oimirira pamtunda, ndipo wofuna madzi akanayenda ulendo wotsetsereka kulowera ku Usisya. Mu 2015 anawerenga mbiri yonse ya zaka 1.3 miliyoni napeza kuti nyanja inatsika ndi mamita oposa 200 maulendo 24, ndipo maulendo 15 mwa amenewa inatsika ndi mamita oposa 400.

Tiyerekeze ndi zimene ife timatcha mavuto. Kuyambira 1915 mpaka 1935 madzi anachepa moti Shire anasiya kutuluka m'nyanja. Mu 1980 anakwera kufika mamita pafupifupi 477 pamwamba pa nyanja yamchere. Mu 1997 anatsika kufika cha m'ma 473, magetsi a pa Shire n'kuvuta. Mu Epulo 2024 anapitiriranso 476, ndipo ndi pamene bambo athu aja anasamuka. Kukwera ndi kutsika konseku kwa zaka zoposa 100 sikukwana ndi mamita 10 omwe. Nyanja yathu ili ngati beseni losiyidwa padzuwa: madzi ambiri amene imataya, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, amauluka ngati nthunzi, ndipo Shire amangotenga otsala. Mvula ikachepa pang'ono kapena dzuwa likawonjeza pang'ono kwa zaka zambiri zotsatizana, beseni limamva msanga.

Koma apa tisathamange. Mkati mwa zaka za zilala zija muli nthawi ina, zaka pafupifupi 125,000 zapitazo, imene dziko linali lotentherapo kuposa zaka za m'ma 1800 ndipo nyanja zamchere zinali pamwamba ndi mamita 5 mpaka 10. Munthu wopupuluma anganene kuti basi, kutentha ndiko kunaumitsa nyanja yathu, ndipo kuumitsanso. Akatswiriwo sananene choncho. Iwo analoza chala pa kayendedwe ka dziko pozungulira dzuwa. Masiku ano dziko limayandikira kwambiri dzuwa kumayambiriro kwa Januwale, m'kati mwa dzinja lathu. Zaka pafupifupi 11,000 zapitazo linkayandikira cha mu Julaye, ndipo zimasinthana chonchi pa zaka pafupifupi 21,000 zilizonse. John Kutzbach wa ku yunivesite ya Wisconsin anaonetsa ndi kompyuta mu 1981 kuti kusintha kumeneku kokha kunali kokwanira kulimbitsa mvula ya kumpoto kwa Africa ndi ku India zaka 9,000 zapitazo, nthawi imene m'chipululu cha Sahara munali udzu, nyanja ndi mvuu. Mu 2020, chaka chimodzi asanamwalire, iye ndi anzake, mmodzi mwa iwo Andrew Cohen amene anali m'gulu lobowola nyanja yathu, anayendetsa dziko la m'kompyuta kwa zaka 140,000 kuti aone mmene mvula ya mu Africa inkasunthira pakati pa kumpoto ndi kummwera.

Ngakhale pamenepo makompyuta ambiri sanakhoze zonse. Mvula ya ku Sahara amaipeza, koma yochepa ndipo yosafika kumpoto kwenikweni kumene umboni ukuonetsa kuti inafika. Ichi ndicho chimene mayeso onsewa aonetsa mobwerezabwereza: pa kutentha makompyuta ndi ana okhoza bwino, koma pa mvula ya dera limodzi ndi ana ofunika kukhala nawo pafupi. Tsoka ilo, Malawi ali pamalire penipeni. Kumpoto kwathu, ku Tanzania ndi Kenya, makompyuta ambiri akuti mvula idzachuluka. Kummwera kwathu akuti idzachepa. Mu 2017 akatswiri a kafukufuku wotchedwa UMFULA anasanthula makompyuta 34 pa za dziko lathu. Onse anagwirizana kuti kudzatentha. Pa kuchuluka kwa mvula ya chaka chonse anagawanika, ena kuti idzawonjezeka, ena kuti idzachepa, ngakhale ambiri akulozera ku mvula yamphamvu yogwa masiku owerengeka ndi ng'amba zazitali pakati pake. Choncho ana awiri a ku Joni aja palibe amene ananama. Aliyense anangomva mwana mmodzi wa m'kalasi n'kuyesa kuti wamva kalasi lonse.

Kutenthako kokha, kumene onse agwirizana, kuli ndi nkhani ndi mbale yathu ya kondowole. Madzi a pamwamba akatentha amapepuka, ndipo mwera umavutika kuwavundula kuti chakudya cha pansi chikwere kudzadyetsa ndere zimene usipa ndi utaka zimadalira. Ku nyanja ya Tanganyika, mbale wake wa yathuyi, Cohen yemwe uja ndi anzake anawerenga matope a kumeneko nalengeza mu 2016 kuti madzi akhala akutentha kuyambira m'zaka za m'ma 1800, ndipo nsomba zinayamba kuchepa usodzi waukulu wa makoka usanafike. Izi sizikuchotsa mlandu pa ife amene timakokera maneti a udzudzu m'madzi osaya. Zikungotanthauza kuti nsomba zikupanikizidwa mbali ziwiri.

Lachisanu lotsatira tinawafunafuna bambo aja. Tinawauza kuti, "Bambo, si ula, koma palibenso kompyuta imene ingakuuzeni pamene madzi adzafike pa gombe lanu chaka chakutichakuti. Chimene tikudziwa n'chakuti anafika pakhomo panu mu 2024, ndipo mu 1980 anapitirira pamenepo. Madzi saiwala khwawa. Mukamanga kumtunda nyanja n'kuphwa, mudzangoyenda kamtunda kupita ku bwato. Mukamanga pansi nyanja n'kukwera, njerwa zonsezi zapita." Anaseka nati mawu amenewo akanawauzanso mayi a kunyumba popanda kompyuta, ndipo anali atawauza kale.

Malo a kumtundawo ndi a mlamu wawo, ndipo nkhani yake ikadali kwa a mfumu. Pakadali pano ife ndi ana a kalasi lalikulu tapita ku thanthwe lina la pa gombe, talembapo mzere ndi penti pamene eni mudzi akuti madzi analekezera mu Epulo 2024. Tagula kope la masamba 80, ndipo Insha Allah tsiku loyamba la mwezi uliwonse ana awiri azipita ndi chingwe kukayeza kuchokera pa mzerewo kufika pa madzi. Amene muli ku Kande, ku Usisya ndi kwina konse kumene kuli thanthwe losasuntha, mukayamba zanu mutilembere kudzera kwa mkonzi kuti tidzayerekeze manambala m'kope la mtsogolo.